Khosi la telala: mfundo imene fomu yathu siiwerenga

Mayi amene ndikulemba nkhani yawo ali ndi zaka 46, ndi telala, ndipo amagwiritsa ntchito dzanja lamanja. Anavomera kuti anzanga a ntchito awerenge zimene zinawachitikira, bola dzina lawo lisatchulidwe. Anafika kwa ife a mafizo ndi kalata ya mizere itatu: manja ouma, mapewa owawa, athandizidwe ndi mafizo. Kalatayo inangoti ndi nyamakazi, osanena kuti ndi nyamakazi yanji.

Manja anayamba kuwavuta zaka pafupifupi 7 tisanakumane. Poyamba zinali za m'mawa zokha: kudzuka zala zitauma, kulephera kumanga mabatani, kudikira maola awiri kuti athe kugwira sizasi. Ankamwa ibuprofen, kenako diclofenac, ululu n'kuzizira masiku angapo n'kuyambiranso. Kulikonse kumene anapita ankauzidwa kuti ndi ntchito yosokayo, ena ankati ndi ukalamba wayamba kugogoda. Nditawafunsa ngati alipo anawagwirapo zala chimodzichimodzi, anayankha kuti, "Ayi adokotala, amangondifunsa pamene pakupweteka n'kulemba mankhwala." Analibe shuga, analibe BP, sankasuta, ndipo khungu lawo linalibe zigamba za matenda a pakhungu a psoriasis.

Kuyeza koyamba

Ndikamayeza munthu wodandaula mfundo zambiri, kutanthauza malo amene mafupa amalumikizana, ndimapita mfundo ndi mfundo, ndipo pa iliyonse ndimayamba ndadzikumbutsa kuti inapangidwa kuti iziyenda bwanji. Mafupa 206 a munthu wamkulu salumikizana mofanana. Ena, monga a chigaza, anagwirana moti sasuntha. Ena amasuntha pang'ono chabe, monga mafupa a msana amene pakati pawo pali disiki. Otsalawo ndi amene amayenda momasuka, mfundo za synovial, ndipo zonsezo zimafanana pa zinthu zitatu: nsonga za mafupa zokutidwa ndi chicherechere chosalala, thumba lolimba lotsekera mfundoyo, ndi kakhungu kopyapyala ka m'kati mwa thumbalo, synovium, kamene kamatulutsa madzi oterera. Zimasiyana pa mmene nsonga za mafupa zinaumbikira, ndipo kuumbikako ndi kumene kumazigawa m'mitundu 6. Dzanja ndi mkono wa munthu mmodzi zimakuonetsa mitundu yonse 6 usanafike n'komwe pakhosi.

Ndinayambira kunsonga za zala. Mfundo zakumapeto, pafupi ndi chikhadabo, ndi za mtundu wa hinge: zimapinda ndi kuwongoka basi, monga chitseko pa mahinjesi ake. Kwa mayiwa zinali bwinobwino, zosatupa, zopanda timafupa totumphuka. Mfundo zapakati pa zala, nazonso za hinge, zinali zotupa pa chala cholozera, chapakati ndi chachinayi m'manja onse awiri, kutupa kofewa, kolowa ukadina, kofunda pang'ono.

Pamene zala zimakumana ndi chikhatho pali mfundo za condyloid. Nsonga ya fupa limodzi ndi yobulungira motalikirako, ikukhala m'kabowo kosaya, motero chala chimapinda, chimawongoka, chimapatukanso kumanzere ndi kumanja, koma munthu sangachizungulize pamalo pomwepo mwakufuna kwake. Mayiwa atakunga chibakera, tizigwa ta pakati pa mafupa otumphuka tinali titadzaza. Zala zinali zitayamba kupendekera kumbali ya chala chaching'ono. Izi zimachitika pa mfundo imeneyi chifukwa cha kapangidwe kake: mwachibadwa imalola kuyenda cham'mbali, ndiye ligamenti zoigwira, zingwe zolimba zolumikiza mafupa, zikatamuka ndi kutupa kwa zaka, chala chimatsetserekera kumene minofu ikuchikokera. Mfundo ya hinge singapendekere motero. Iyo ikawonongeka chala chimapindika kutsogolo kapena kumbuyo.

Pamene ndinakhalitsa ndi patsinde pa chala chachikulu. Apa pali mfundo ya saddle, pakati pa kafupa ka trapezium ndi fupa loyamba la chikhatho. Nsonga zonse ziwiri ndi zolowa mbali imodzi, zotumphuka mbali inayo, ndipo zimakwerana mopingasa. Ndiyo imapatsa chala chachikulu mwayi wokhudza nsonga ya chala chilichonse, ndiyonso imasenza ntchito yonse ya sizasi, singano ndi kukoka nsalu. Telala wa zaka zoposa 20 pa ntchito, ngati mfundo zake zikungoperepeseka ndi ntchito, apa ndi pamene pamayamba kulira, pamodzi ndi mfundo zakunsonga za zala zija. Ndinagwira chalacho, kuchikankhira m'kati, kuchizunguliza pang'onopang'ono. Mayiwa sanatsinzine n'komwe. Kufotokoza kuja kwakuti ndi ntchito yosoka kunathera pamenepo: mfundo zimene ntchito imadya zinali zoyera, zimene zinatupa zinali zina.

Pamfundo ya dzanja, pamene timavala wotchi, fupa la radius, limodzi mwa mafupa awiri a pakati pa chigongono ndi dzanja, limakumana ndi timafupa ta dzanja mwa mtundu wa condyloid, ndipo timafupa 8 timeneti timaterera tokhatokha pa nkhope zafulati, mtundu wa plane. Manja onse anali otupa pamenepa, kupinda ndi kuwongola kutachepa ndi theka. Kenako ndinawapempha kuti agunditse zigongono m'nthiti n'kutembenuza zikhatho kuti ziyang'ane kumwamba. Kutembenuka kumeneku ndi ntchito ya mfundo za pivot, pamene radius imazungulira pa fupa linzake lija, ulna, kumtunda pafupi ndi chigongono ndi kumunsi pafupi ndi dzanja. Munthu wabwinobwino amafika madigiri pafupifupi 80. Iwo kumanja anathera pa 45. Kamutu ka ulna kanali katatumphuka kumbuyo kwa dzanja, ndipo ndikakadina kankalowa n'kubwerera, akumva ululu. Ndinalemba m'faelo kuti mfundo ya pivot ya mkono yamasuka, ligamenti zake zatha mphamvu. Mzere umenewu unadzandithandiza patsogolo.

Zotsalazo ndinena mwachangu. Chigongono chamanja, hinge, chinkapereweza madigiri 20 kuti chiwongoke. Mapewa, amene ndi ball and socket, mutu wobulungira wa fupa wokhala m'kabowo ndipo woyenda mbali zonse, ankakwera kufika 120 m'malo mwa 180. Nyung'unyu, ball and socket inzake koma ya kabowo kozama, zinali zomasuka. Bondo lamanzere linali ndi timadzi pang'ono. Nditafinya phazi patsinde pa zala anakoka mwendo. Khosi linkatembenuka madigiri 65 mbali zonse, popanda ululu, ndipo anati silinawavutepo.

Dzina la matenda

Chithunzi chinali choonekeratu: kutupa kwa synovium, mbali zonse ziwiri mofanana, m'mfundo zing'onozing'ono za manja ndi mapazi, kuuma kwa m'mawa kopitirira ola. Ndinasiya kaye mafizo olemetsa, chifukwa mfundo yotentha ndi yotupa siifuna kukakamizidwa, ndipo ndinalembera dokotala wa nyamakazi, kutchula mfundo iliyonse ndi zimene ndinapeza. Magazi anasonyeza rheumatoid factor ndi anti-CCP, zizindikiro za rheumatoid arthritis, zokwera kwambiri, ESR ndi CRP, zoonetsa kutupa m'thupi, nazonso zokwera. X-ray ya manja inaonetsa mafupa odyeka m'mbali, makamaka pa kansonga ka ulna ndi patsinde pa zala. Pa muyezo wa 2010 wa ACR ndi EULAR, mabungwe a madokotala a nyamakazi a ku America ndi ku Ulaya, umene umafuna mapointi 6 pa 10 kuti matenda atchedwe rheumatoid arthritis, mayiwa anapeza onse 10. Muyezo umenewu powerenga mfundo umasiya dala mfundo zakunsonga za zala ndi ya saddle ya chala chachikulu, pa chifukwa chomwe chija: zimenezo ndi malo a nyamakazi ya kuperepeseka.

Matendawa amabwera chitetezo cha mthupi chikayamba kulimbana ndi synovium. Kakhungu kaja kamakhuthala, kamamera n'kukhala mnofu wotchedwa pannus, umene umadya chicherechere, fupa ndi ligamenti zapafupi. Amagwira akazi kawiri kapena katatu kuposa amuna. Dokotala anawayambitsa methotrexate 15 mg kamodzi pa sabata, folic acid, ndi prednisolone wa nthawi yochepa woziziritsa kutupa pamene methotrexate akuyamba kugwira. Anawafotokozera za kuyezetsa magazi ndi chiwindi pafupipafupi, komanso kuti mankhwalawa sayenderana ndi mimba. Ine ndinawapangira zomangira manja zogona nazo, tinayamba mafizo ofewa a zala ndi mapewa, ndipo tinasintha sizasi kukhala ya zogwirira zazikulu yotseguka yokha.

Zinayenda bwino. DAS28 yawo, nambala ya pa fomu imene timayezera kukula kwa matendawa, imene poyamba inali 6.1, pamwamba pa malire a 5.1 a matenda olusa, inatsika kufika 3.4 patatha miyezi 6. Ankadzuka n'kugwira ntchito pasanathe mphindi 20. Tonse tinali okondwa, ndipo tinayamba kukambirana zotalikitsa masiku obwera kuchipatala.

Kalata yachiwiri

Mwezi wa 8 anabwera ndi kalata ina, yochokera kwa wachipatala wina amene anawaona chifukwa cha mutu. Inati khosi lauma chifukwa chowerama pa makina, X-ray ilibe vuto, ndipo inapempha kuti tiwakoke khosi ndi makina a traction ndi kuwamasula mfundo za khosi ndi manja. Pempho lotere timalandira kawirikawiri, ndipo kwa odwala ambiri silikhala ndi vuto.

Mutuwo unali wa kunkhongo, wokwera kuchokera pamwamba pa khosi kufika paliwombo, woyamba akawerama nthawi yaitali, wozizira akagona chagada. Koma chimene chinandiimitsa sichinali mawu awo. Pokambirana, kalata ija inagwa pansi. Anawerama kuitola, ndipo podzuka anaika chikhatho pansi pa chibwano n'kukankhira mutu m'mwamba, ngati munthu wonyamula chinthu chimene si chake. Anachita izi osazindikira. Ndinawafunsa kuti, "Mayi, dzanjalo mwaliika pachibwano chifukwa chiyani?" Anati, "Ndikawerama mutuwu umakhala ngati ukufuna kugwera kutsogolo. Nthawi zina ndikaudzutsa pamamveka kuti gubu, m'kati mwenimweni." Anawonjezera kuti masabata apitawo singano yakhala ikuwapulumuka, ndipo zala zikuchita dzanzi.

Apa m'pamene mzere uja wa pivot ya mkono unandibwerera. Mfundo za pivot m'thupi ndi zowerengeka. Kupatula za pakati pa radius ndi ulna, ina ili pamwamba penipeni pa khosi, pakati pa fupa loyamba, atlas kapena C1, ndi lachiwiri, axis kapena C2. Atlas ndi fupa lozungulira lokhala ndi bowo pakati, lopanda thunthu. Axis ili ndi kafupa koimirira, dens, kolowa m'bowolo chakutsogolo, ndipo atlas pamodzi ndi mutu wonse zimazungulira pa kafupa kameneka. Tikagwedeza mutu kuvomera, imagwira ntchito kwambiri ndi mfundo ya condyloid ya pakati pa chigaza ndi atlas. Tikaupukusa kukana, ndi pivot imeneyi, ndipo yokhayo imapereka pafupifupi theka la kutembenuka konse kwa khosi. Chimene chimagwira dens kuti isachoke pamalo ndi ligamenti imodzi yopingasa kumbuyo kwake, transverse ligament. Kuseri kwa ligamenti imeneyo kukudutsa mtsempha waukulu wa mumsana, umene ukunyamula uthenga wonse wa manja, miyendo ndi kupuma.

Pakati pa C1 ndi C2 palibe disiki. Mfundo zonse za pamenepa ndi za synovial: pivot yapakati, ndi ziwiri za plane m'mbali. Ndipo pali kathumba ka synovium pakati penipeni pa dens ndi ligamenti ija. N'chifukwa chake rheumatoid arthritis, imene kawirikawiri siivutitsa msana wapakati ndi wam'munsi, imakonda pamwamba pa khosi. Pannus yomwe inamasula kamutu ka ulna pa dzanja la mayiwa inali ndi zaka 7 zogwira ntchito yomweyo pa ligamenti ya dens. Methotrexate amazimitsa kutupa, koma ligamenti yotamuka kale saibweza. Manja akhoza kukhala akuchira pamene khosi likupitiriza kumasuka ndi kulemera kwa mutu, makamaka kwa munthu amene ntchito yake ndi kuwerama tsiku lonse.

Khosi tsopano linkatembenuka 45 kumanja ndi 40 kumanzere, kuchoka pa 65 uja. Za dzanzi zinafuna kuleza mtima, chifukwa odwala matendawa amakhalanso ndi carpal tunnel syndrome, mtsempha wa median ukapanikizika ndi kutupa pamfundo ya dzanja, ndipo n'kosavuta kuponya dzanzi lililonse la zala m'dengu limenelo. Dzanja lamanzere linalidi ndi zizindikiro zake: dzanzi pa chala chachikulu, cholozera ndi chapakati, lokula usiku. Koma dzanzi lina linali m'zala zonse, chaching'ono chomwe, m'manja onse awiri, ndipo mtsempha wa median sufika kumeneko. Nditagogoda ndi kanyundo pansi pa bondo, miyendo yonse inadumpha mopitirira. Nditakhethemula nsonga ya chala chapakati, chala chachikulu chinapinda chokha, chizindikiro cha Hoffmann, mbali zonse. Carpal tunnel siichititsa zimenezi. Ankayenda bwino, chizindikiro cha Babinski (chala chachikulu cha phazi kudzuka ukakanda kunsi kwa phazi) panalibe, mkodzo ndi chimbudzi zinali bwino. Mtsempha wa mumsana unali utayamba kukhudzidwa, koma tinali tisanachedwe.

Pali kuyeza kwa manja kumene Sharp ndi Purser anafotokoza mu 1961, kokankhira mphumi kumbuyo utagwira C2 kuti umve atlas ikubwerera. Sindinakuchite. Zizindikiro za mtsempha zinalipo kale, ndipo kaya kuyezako kukanasonyeza kanthu kapena ayi, chochita chinali chimodzimodzi: kujambula. Sindinaone chifukwa chosunthira mfundo imene ndinkaikayikira pofuna kungodzitsimikizira.

Traction ndinaikana, kumasula khosi ndi manja ndinakananso, ndipo ndinawauza mayiwa mosabisa kuti asalole munthu aliyense, wachipatala kapena wachibale, kuwapotokola kapena kuwaliza khosi. Anadabwa, poti X-ray inali itanena kuti zili bwino. Ndinaitanitsa chithunzicho. Chinajambulidwa mutu uli chilili, ndipo mmenemo atlas imakhala itabwerera pamalo pake. Amene anawerenga X-ray ija sanalakwitse, chithunzicho sichikanatha kuonetsa vutolo. Tsiku lomwelo ndinalankhula ndi dokotala wa nyamakazi, ndipo tinapempha zithunzi za cham'mbali ziwiri, china atawerama, china atakweza mutu, ndi lamulo lakuti awerame okha mpaka pamene angathe, wojambula asawakankhe mutu.

Pa chithunzi chotere timayeza mipata iwiri. Wakutsogolo, pakati pa atlas ndi dens, kwa munthu wamkulu suyenera kupitirira 3 mm. Kwa mayiwa unali 3 mm atakweza mutu, 8 mm atawerama. Wakumbuyo, kuchokera ku dens kufika kumbuyo kwa atlas, ndiwo malo amene mtsempha wa mumsana watsala nawo. Kafukufuku wa Boden ndi anzake wa 1993 anasonyeza kuti mpata wakumbuyowu ndi umene umalosera bwino za kufa kwa ziwalo, ndipo malire amene timagwiritsa ntchito ndi 14 mm. Wawo unali 13 mm atawerama. MRI inaonetsa pannus itazungulira dens, ikudya malo ena pamwamba pa amenewo, ndipo mtsempha unali wopanikizika pang'ono.

Ndikufuna anzanga aone chinthu chimodzi apa. Sabata yomwe tinapeza 8 mm ija, DAS28 ya mayiwa inali 3.3, pafupi ndi malire a 3.2 a matenda ozizira. DAS28 imawerenga mapewa, zigongono, mfundo za dzanja, mfundo 10 za patsinde pa zala, 10 za pakati pa zala, ndi mawondo. Ndi chida chabwino choonera ngati mankhwala akugwira, ndipo ndimachigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Koma mapazi mulibe, nsagwada mulibe, khosi mulibe. Fomu ikakhala ndi mabokosi 28, manja athu amazolowera kugwira malo 28, ndipo mfundo yoopsa kuposa zonse pa matendawa ili kunja kwa mabokosiwo. Funso la khosi liyenera kuchokera m'mutu mwa woyeza, pa ulendo uliwonse, ngakhale manambala akusangalatsa.

Kudikira opaleshoni

Dokotala wa opaleshoni ya msana atawaona analangiza kumanga C1 ndi C2 pamodzi. Akanakhala opanda zizindikiro za mtsempha, mpata uli wochepa, tikanatha kuwayang'anira ndi zithunzi chaka ndi chaka. Koma zizindikiro zinalipo, mpata wakumbuyo unali pansi pa malire, ndipo odwala amene amachitidwa opaleshoni akuyendabe okha amachira bwino kuposa amene amadikira mpaka miyendo itafooka.

Mayiwa sanavomere tsiku lomwelo, ndipo ndikuona kuti anali ndi chifukwa. Kumanga pivot ndi kuipha ngati mfundo. Theka lija la kutembenuka silibwerera. Funso lawo linali limodzi: "Ndiye ndidzasokanso?" Ndinawauza kuti kusoka kumadalira kwambiri kuwerama kusiyana ndi kutembenuka, kuti kuwerama kwambiri kumachokera ku mfundo zina zimene sizikhudzidwa, ndipo chimene chingawalande ntchito si zitsulo za m'khosi koma mtsempha ukaphwanyika. Ndinawaonetsa zithunzi ziwiri zija moyandikana, iwo eni n'kuloza ndi chala pamene atlas yasunthira. Anapita kukakambirana ndi a kunyumba, ndipo patatha masabata awiri anavomera.

Podikira anavala kolala yolimba, makamaka poyenda pa galimoto. Ndinawauza zoona zake: kolala imachepetsa ululu ndipo imakumbutsa munthu kuti asawerame, koma siibweza ligamenti ndipo siiletsa vuto kukula. Makina osokera anawasiya kaye. Mafizo a khosi anali ongolimbitsa minofu mutu osasuntha, mofewa kwambiri. Iwo ndi mwana wawo wamkulu tinawaphunzitsa zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala usiku womwewo: miyendo kulemera, kupunthwa, kulephera kugwira mkodzo, kupuma movutikira.

Ndinalemberanso dokotala wogonetsa tulo, ngakhale ankadziwa kale za khosilo, kuti ndimuuze za mfundo zina ziwiri za synovial zimene anthu saziganizira. Nsagwada yawo inkatseguka zala ziwiri zokha. Ndipo m'kholingo muli timfundo ta cricoarytenoid timene timatsegula ndi kutseka njira ya mawu. Nato timagwidwa ndi matendawa, ndipo mawu kusasa kwa wodwala wotere si nkhani yoinyalanyaza.  Mawu a mayiwa anali bwino. Chubu chopumira anachilowetsa ndi kamera yopyapyala iwo ali maso, khosi osalipinda, kenako n'kuwagoneka. Madokotala anagwirizana kuti methotrexate asaimitsidwe.

Opaleshoni inachitikira kumbuyo kwa khosi: atlas inabwezedwa pamalo, masikuluwu analowa mu C1 ndi C2, tizitsulo tiwiri n'kuwalumikiza, ndipo anaikapo tizidutswa ta fupa kuti mafupa awiriwo amere n'kukhala limodzi. Panalibe chovuta. Tsiku lotsatira anaimirira n'kuyenda.

Zimene zinatsatira

Mutu wa kunkhongo unatha m'masabata oyambirira. Dzanzi la m'zala zonse linatha pang'onopang'ono m'miyezi itatu, ndipo singano inasiya kuwapulumuka. Kudumpha kwa mawondo kunatsalabe kopitirira pang'ono, zimene sizachilendo. Kolala inachoka patatha masabata 12, zithunzi zitasonyeza kuti fupa likumera ndipo palibe chikusuntha akawerama.

Dzanzi la zala zitatu za kumanzere silinasinthe. Linali carpal tunnel yeniyeni, ndipo linatha atachitidwa opaleshoni yaing'ono ya padzanja miyezi ingapo pambuyo pake. Mavuto awiri anali m'dzanja limodzi nthawi imodzi, ndipo kupeza limodzi sikunachotse linzake.

Ntchito yanga yaikulu inali yowaphunzitsa kukhala ndi khosi lotembenuka madigiri 35 mbali iliyonse. Zimene zatsalazo zimachokera ku mfundo za plane za mafupa a khosi a m'munsi, ndipo sindinafune kuzikakamiza kuti zilipire zimene pivot inasiya, chifukwa nazonso ndi za synovial, nazonso matendawa amazigwira, ndipo tsopano zikusenza katundu woposa kale. Choncho tinaphunzira kutembenuka ndi chifuwa ndi mapazi. Podutsa msewu amaima n'kutembenuza thupi lonse, ndipo tinayeserera zimenezi mpaka zinalowa m'magazi, chifukwa ngozi ya munthu womangidwa C1 ndi C2 imakhala galimoto imene sanaione cham'mbali. Kuntchito anakweza tebulo la makina, anatsitsa mpando pang'ono, anaika nyale yowala pafupi ndi singano kuti maso asamakokere mutu pansi, ndipo amadzuka mphindi 30 zilizonse. Mpando wake ndi wozungulira, kuti akafuna ulusi kapena sizasi atembenuke nawo.

Chigongono chamanja sichinawongoke. Madigiri 20 aja anapita. Sindinalimbane nacho, chifukwa Morrey ndi anzake anasonyeza mu 1981 kuti ntchito zambiri za tsiku ndi tsiku zimatheka chigongono chikamayenda pakati pa 30 ndi 130, ndipo mkono ukamatembenuka 50 mbali iliyonse. Chimene tinalimbikira ndi kutembenuza chikhatho, kuchoka pa 45 kufika 55, kuti azitha kusamba kumaso ndi kulandira chinthu m'manja osapotoza phewa.

Patatha chaka chichitikire opaleshoni, mayiwa akusoka theka la tsiku, DAS28 ili pa 2.9, methotrexate anakwezedwa kufika 20 mg pa sabata. Chala chachikulu chikadali champhamvu, ndipo ndicho chikunyamula ntchito yambiri ya dzanja lamanja. Pa chithunzi chomaliza C1 ndi C2 zamera pamodzi, koma C3 yasunthira kutsogolo pa C4 ndi 2 mm akawerama, popanda chizindikiro chilichonse. Tagwirizana ndi dokotala wa msana kuti zithunzi za kuwerama ndi kukweza mutu zizijambulidwa chaka chilichonse, kapena msanga ngati dzanzi, kupunthwa kapena mutu wa kunkhongo zitabwerera, ndipo pa chikuto cha faelo yawo palembedwa kuti asakokedwe khosi ndiponso kuti wogonetsa tulo aliyense aone zithunzi za khosi asanayambe ntchito.